'AMUYAYA' A M'FONI YANU: KOMPYUTA IKUTHA KUWATSITSA PAMPANDO

Koma khomo lowatulutsira ndi lomwelo lolowera akuba

Wolemba Mtolankhani Wathu

Mwagula foni yatsopano ndi ndalama za thukuta lanu, mwina phindu la belo lathunthu la kaunjika, mwina la madengu angapo a tomato. Mwaitulutsa m'katoni, mwaikamo simu khadi, mwayatsa. Musanaimbire n'komwe a kunyumba kuwauza kuti mwagula, mukupeza m'katimo muli kale alendo: magemu omwe simudawapemphe, kamsika kena ka ma app pambali pa Play Store, ka app ka nkhani za kumayiko omwe simudzapondako, kena kodzitcha kotsuka foni. Adalowa liti amenewa? Adawaitana ndani?

Mukati muwachotse, batani la Uninstall palibe. Ena amalola Disable. Ena ngakhale Disable yomweyo ndi yozimiririka, mungadine mpaka chala kutupa. Amenewa ndiwo amuyaya a m'foni. Ife aMalawi mawu amenewa timawadziwa bwino. Pa 14 June 1993 tidasankha nyali kusiya tambala wakuda, ndipo chaka chomwecho za umuyaya wa pampando zidatha. Ndiye lero kagemu ka m'foni kazitiuza kuti sikachoka?

Alendowa akadakhala kuti amangogona phee, bwenzi tikungowasiya. Koma ayi ndithu. Mafoni ambiri omwe tikugwira m'misika ya Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu ndi otsikirapo mtengo, a memori yochepa: RAM ya 2GB, malo osungira zinthu 32GB, ena kucheperapo apo. M'kanyumba kotere aliyense wolowamo amapanikiza mnzake. App yomwe simudaitsegulepo chigulireni foni imatha kudzuka yokha kuseri, kulankhula ndi kwawo pa intaneti, kukoka zithunzi zotsatsa malonda a anthu ena n'kukuponyerani pa sikirini. Wolipira zonsezo ndi bandulo yanu, ija mudagula kuti mutumize zithunzi za zitenje kwa kasitomala wa ku Area 25. Batire nalo likutha dzuwa lisanafike paliwombo.

Ndiye pali nthawi ija kasitomala waima pa benchi, akuti ndalama watumiza, inu mukudikira uthenga, foni yauma gwa! Pambuyo pake pali ena awiri akudikira. Wachitatu wanyamuka kale, akugula kwa mnzanu wa pafupi.

Nthawi zina si nkhani ya kuchedwa chabe. M'chaka cha 2020 akatswiri a Secure-D, nthambi ya kampani ya Upstream, adalengeza kuti adapeza mapulogalamu oipa otchedwa Triada ndi xHelper m'mafoni a Tecno W2 okwana 53,000 omwe adagulitsidwa ku Ethiopia, Ghana, Cameroon, Egypt ndi South Africa. Mapulogalamuwo ankalembetsa eni mafoni ku zinthu zolipira iwo osadziwa. Kampani ya Transsion, yomwe imapanga Tecno ndi itel, idati vutolo lidalowera kwa ena omwe inkagula nawo zipangizo ndipo idatulutsa chokonzera. Foni ya m'katoni, yomata bwinobwino, ikhoza kubwera ndi nsikidzi zake.

ZENERA LAKUDA

Anyamata okonza mafoni ena, makamaka omwe ali ndi laputopu pa benchi, ali ndi njira yotsitsira amuyayawa. Mukawaona alumikiza foni ndi chingwe, atsegula kazenera kakuda bii kopanda chithunzi chilichonse, akulemba timawu tachizungu todukaduka, musaganize kuti ndi matsenga. Ndi ADB.

Dzina lake lonse ndi Android Debug Bridge. Mawu omalizawo ndi mlatho, ndipo ntchito yake ndi yomweyo: kuwolotsa malamulo kuchoka pa kompyuta kupita m'foni. Adaipanga ndi a Google, eni ake a Android, kuti anthu olemba ma app aziyesera ntchito zawo. Ndi yaulere. Imapezeka m'kaphukusi kotchedwa Platform-Tools, ndipo imayenda pa Windows, pa Mac ngakhale pa Linux. Wina akakuuzani kuti pulogalamuyi adaigula modula ku Dubai, dziwani kuti akukweza mtengo chabe. Mumulipire luso ndi nthawi yake, zimenezo n'zoyenera, koma osati bodzalo.

Kazenera kakudako ndi malo olembapo malamulo. Pa Windows amakatcha Command Prompt kapena PowerShell, pa Mac ndi Linux amati Terminal. Achikulire omwe adagwirako ntchito m'maofesi nthawi ya DOS akukadziwa bwino. Palibe chodina ndi mausi. Ulemba lamulo, udina Enter, makina achita. Ukalakwitsa chilembo chimodzi, akana. Choopsa n'chakuti ukalemba lamulo loipa koma molondola, makina safunsa kawiri.

Izi n'zosiyana ndi kufulasha foni. Kufulasha n'kugwetsa nyumba yonse n'kumanganso. Kufomata n'kutulutsa katundu yense panja. ADB ndi kulowera khomo lakuseri n'kugwira mlendo mmodzi padzanja. Zithunzi zanu, manambala anu ndi WhatsApp yanu zimakhala m'malo mwake, ngati wogwira ntchitoyo akudziwa chomwe akuchita.

Khomo lakuserilo limabwera lotseka. Kuyambira pa Android 4.2 ya m'chaka cha 2012, a Google adalibisa kuti ana ndi anthu ongodinadina asalipeze. Kuti lioneke, mupita ku Settings, kenako About phone, mupeza pomwe palembedwa Build number, mudinapo kasanu ndi kawiri motsatizana. Pa Samsung mzerewu uli m'kati mwa Software information. Foni ikufunsani PIN yanu, kenako itulutsa gawo latsopano lotchedwa Developer options. M'menemo muli kabatani ka USB debugging. Kameneko ndiko loko wa khomo.

Mukayatsa n'kulumikiza chingwe, foni imafunsa ngati mukuilola kompyuta imeneyo. Funso limeneli adaliwonjezera m'chaka cha 2013, ndipo limayankhidwa pokhapokha foni ili yotsegula m'manja mwa munthu. Kaye za chingwe: zingwe zina zotsika mtengo zimangopititsa moto wotchajira basi, sizinyamula uthenga. Anthu ambiri amataya theka la tsiku akutukwana kompyuta pomwe wolakwa ndi chingwe.

Lamulo loyamba ndi moni chabe:

adb devices

Kompyuta ikayankha ndi nambala ya foni yanu ndi mawu oti device, ndiye kuti mlatho waima. Ikati unauthorized, simunavomere funso lija pa foni.

KALEMBERA WA ALENDO

Tsopano muitane kalembera:

adb shell pm list packages

Apa mudabwa. Pa sikirini ya foni mumaona ma app mwina makumi atatu kapena anayi, koma mndandanda wotuluka apa umafika m'mazana. Mukawonjezera -3 kumapeto, ikuonetsani okhawo omwe sali mbali ya foni, monga omwe mudaika nokha. Mukawonjezera -s, ikuonetsani omwe adabadwira momwemo.

Mayina ake si omwe mudazolowera. Monga munthu ali ndi dzina la pamsika ndi dzina la pa chitupa, app nayo ili ndi awiri. WhatsApp pa chitupa ndi com.whatsapp. Facebook ndi com.facebook.katana. YouTube ndi com.google.android.youtube. Ndipo m'mafoni ambiri mupezamo com.facebook.appmanager, com.facebook.services ndi com.facebook.system, atatu opanda chithunzi pa sikirini, omwe amakhalamo ngakhale mwini foni sadatsegulepo Facebook chibadwire.

Njira zowatsitsira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kumugoneka mlendo tulo:

adb shell pm disable-user --user 0 dzina.la.app

App imakhalabe m'foni koma siidzuka, siidya bandulo, siioneka. Mukaifunanso, mulemba adb shell pm enable ndi dzina lomwelo, yadzuka. Yachiwiri ndi kumutulutsa:

adb shell pm uninstall -k --user 0 dzina.la.app

Kompyuta ikayankha kuti Success, wapita. Mawu oti user 0 akutanthauza inuyo mwini foni, munthu woyamba kulembedwa m'menemo.

Nyuzi ino ikuti yambani ndi tulo. Anyamata ambiri amathamangira kutulutsa chifukwa kumaoneka kwa ukatswiri, koma phindu lake kwa inu ndi limodzimodzi, ndipo kugoneka n'kosavuta kubweza. Gonekani app imodzi kapena ziwiri, gwiritsani ntchito foni masiku angapo, muone ngati china chasokonekera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chilungamo china chomwe sakuuzani pa benchi. Ngakhale njira yachiwiriyo siichotsa app mpakana mizu. Kope lake limatsala m'chipinda cha foni chomwe ADB siingathe kufufutamo kanthu. N'chifukwa chake app yotulutsidwa imatha kubwezedwa ndi lamulo loti adb shell cmd package install-existing ndi dzina lake, ndipo n'chifukwa chakenso tsiku lomwe mudzafomate foni, amuyaya onse adzabwerera pampando ngati sadachokepo. Choncho yemwe akukulonjezani kuti 32GB yanu isanduka bwalo la mpira akukunamizani. Chomwe mupindule ndi foni yopepukirapo, batire lokhalitsako, bandulo yosabedwa ndi zotsatsa malonda zochepa. Malo enieni amadyedwa ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp, aja a kumpingo, a kumudzi ndi a banki m'khonde, ndipo amenewo mungafufute nokha popanda kompyuta. Nsikidzi zozama ngati Triada uja nazo sizitha ndi njirayi, zimafuna chokonzera chochokera kwa opanga foni.

KHOSWE WA PAMKHATE

Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. M'mndandanda uja muli mayina ena ooneka achabechabe koma atakhala pa mkhate wa bizinesi yanu.

Taonani com.android.phone. Ndiye amene amagwira zoimba ndi netiweki, ndipo ma code onse oyamba ndi nyenyezi amadutsa mwa iye. Mukamusokoneza, *211# ya Airtel Money ndi *444# ya TNM Mpamba zatha pomwepo. Kwa munthu yemwe theka la malonda ake limalowera pa foni, kapena kwa ejenti wokhala pansi pa ambulera, kumeneko ndiye kutseka shopu ndi manja ako. Winanso ndi com.android.stk, kamene kamatulutsa menyu ya pa simu khadi. Wina ndi com.android.systemui: mukamuchotsa, sikirini imada, mabatani osaoneka. Kiyibodi nayo ili m'gulu lomweli. Mukaichotsa musanaike ina, foni ikazima mukhoza kusowa polembera mawu achinsinsi otsegulira. Nanga com.google.android.gms? Dzina lake silinena kanthu, koma ma app ambiri, a mabanki omwe, amatsamira pa iye.

Foni ikakana kuyaka bwino chifukwa cha zoterezi, nthawi zambiri mankhwala otsala ndi kufomata. Apo ndiye zithunzi za katundu, manambala a ogula ndi mauthenga a omwe ali ndi ngongole zanu apita limodzi. Wangongole sadzabwera yekha kudzakukumbutsani kuti adatenga malaya atatu.

Lamulo lina loti mulisamale ndi pm clear. Limapukuta zonse za m'kati mwa app n'kuisiya ngati yangoikidwa kumene. Pa kagemu palibe kanthu. Pa WhatsApp ndiye kuti mwatulutsidwa, muyambirenso kulembetsa nambala, ndipo macheza abwerera pokhapokha ngati adasungidwa kwina.

Pa intaneti pali mindandanda yambiri yomwe anthu amalemba kuti awa chotsani, awa chotsani. Vuto lake mafoni ndi osiyana. Chomwe chili chinyalala pa Samsung ya ku Ulaya chikhoza kukhala mzati pa itel ya ku Mchesi. Mnyamata yemwe akukopa mndandanda wonse n'kuuthira m'foni yanu kamodzi, osawerenga dzina limodzi limodzi, mulandeni foniyo. Dzina lomwe simukulidziwa, lisiyeni, kapena funsani. Safunsa adadya phula.

Ubwino wina wa ADB umaonekera pa vuto lija la zotsatsa malonda zongotulukira zokha pa sikirini, ngakhale simudatsegule chilichonse. Kawirikawiri wochita zimenezi ndi app yomwe idalowa ndi kagemu ka mwana kapena yomwe mudalandira kwa mnzanu, ndipo idabisa chithunzi chake kuti musaipeze. Chotsatsacho chikangotulukira, foni ili pa chingwe, katswiri amalemba adb shell dumpsys window n'kuyang'ana mzere wolembedwa mCurrentFocus. Pamenepo nthawi zambiri pamatuluka dzina la pa chitupa la yemwe ali pa sikirini nthawi imeneyo. Wagwidwa mbava. Poti ameneyu si wobadwira m'foni, adb uninstall ndi dzina lake imamuchotsa yense, mizu yomwe.

Musanayambe chilichonse mwa zonsezi, samutsani katundu wofunika. Lamulo loti adb pull /sdcard/DCIM limakopera zithunzi zonse za kamera kupita pa kompyuta. Pa mafoni atsopano, za WhatsApp zimakhala mu /sdcard/Android/media/com.whatsapp, ndipo nazo zimakokedwa chimodzimodzi. Kwa ogulitsa mafoni, adb install imaika app kuchokera pa kompyuta, moti fayilo imodzi ingalowe m'mafoni khumi bandulo osaikhudza. Bola fayiloyo ikhale yochokera kodalirika, poti app ya banki yotengedwa pa fulashi ya munthu wosamudziwa ndi njoka m'thumba.

KHOMO LOMWELO

Apa ndiye mutchere khutu, amayi ndi abambo a pamsika.

Werenganinso zomwe tanenazi ndi maso a wakuba. Lamulo lokopa zithunzi zanu kuti zisatayike ndi lomwelo lokopera zithunzi zanu kuti zipite kwa wina: chithunzi cha chitupa chanu cha unzika, malisiti a ku banki, ndi zina zija za kuchipinda zomwe simungafune kuti zizungulire m'magulu. Lamulo loika app popanda bandulo ndi lomwelo loika app popanda kukufunsani, poti adb install siitulutsa funso lililonse kwa mwini foni nthawi zambiri. Kompyuta yololedwa ingathe kujambula zomwe zili pa sikirini yanu, ngakhalenso kudina mabatani ngati chala. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa scrcpy, yomwe idatuluka m'chaka cha 2018, imene imaonetsa sikirini yonse ya foni pa kompyuta kudzera pa mlatho womwewu. Imapulumutsa anthu omwe galasi la foni lasweka, ngati khomo lidali lotsegula kale. Koma taganizani mukulemba PIN ya Mpamba wina akuonera pa laputopu.

Pa funso lija lolola kompyuta pali kabokosi kakang'ono kolembedwa Always allow from this computer. Mukachongapo, kompyuta imeneyo siidzafunsanso. Kuyambira pa Android 11 ya m'chaka cha 2020, chilolezocho chimafa chokha pakatha masiku 7 foni isanakumanenso ndi kompyutayo, koma mafoni akale amachisunga mpaka kalekale. Android 11 yomweyo idabweretsanso Wireless debugging, yomwe imachita zonsezi pa Wi-Fi popanda chingwe n'komwe. Ndiye kuona kuti foni yachotsedwa pa chingwe si umboni woti khomo latsekedwa.

Sitikunena kuti anyamata okonza mafoni ndi akuba, ayi. Ambiri ndi ana athu omwe akudya za luso lawo, ndipo apulumutsa mafoni ambiri omwe eni ake adawataya kale mtima. Koma chizolowezi chathu chosiya foni pa benchi, kutchula PIN mokweza, n'kupita kukadya chipisi, n'chimodzimodzi kusiya kachikwama ka ndalama za tsiku lonse kwa munthu yemwe dzina lake lenileni simulidziwa. Ndiponso wotsegula khomoli si wa pamsika yekha. Amuna ansanje ndi akazi okayikira nawo adaphunzira kuika ma app osuzumira m'mafoni a anzawo usiku. Adziwe kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la m'chaka cha 2016 limati kulowa m'zinthu za pa makina a munthu popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo silidapatule a pabanja.

Ena afunsa za mafoni a ngongole, aja olipira pang'onopang'ono omwe amadzitseka mukaphonya tsiku. Iwalani. App yotsekayo imaikidwa ndi udindo wa woyang'anira foni, ndipo ADB ikayesa kuichotsa imabwezedwa ndi mawu oti Failure. Pa mafoni ambiri otere ngakhale khomo lenilenilo adalikhomerera. Wokulonjezani kuti aichotsa akufuna adye ndalama zanu, akuonongereni foni, ngongole ikhalebe pa dzina lanu. A iPhone nkhaniyi siikukukhudzani, ADB ndi ya Android yokha. A Samsung zatsopano mukaona kompyuta ikukanidwa, yang'anani Auto Blocker, yomwe ntchito yake ina ndi kutchinga malamulo obwera pa chingwe.

Tsono mukapita nayo foni kuti akaitsitsire amuyaya, khalani pomwepo. PIN lembani nokha, chala chobisa. Kabokosi ka Always allow musachonge. Muuzeni mnyamatayo kuti, achimwene, dzina lililonse lomwe mukugoneka kapena kuchotsa mundilembere pa pepala. Pepalalo lisungeni m'katoni ya foni, poti tsiku lomwe china chidzavute, wokonza wina adzadziwa pobwezera. Katswiri weniweni sakwiya ndi pempho lotere.

Akamaliza, musatulutse ndalama msanga. Lowani mu Developer options, dinani Revoke USB debugging authorizations kuti makompyuta onse ololedwa aiwalike, zimitsani USB debugging ndi Wireless debugging, kenako zimitsani Developer options yonseyo ndi kabatani ka pamwamba. Ma app ena a mabanki amakana n'kutseguka komwe akaona kuti gawoli ndi loyatsa. Zimitsani foni, muyatsenso. Imbirani mwana kunyumba mumve ngati mawu akumveka. Tsegulani WhatsApp, jambulani chithunzi, dinani *211# kapena *444# muone ngati menyu ikubwera ndipo ndalama zanu zili momwe mudazisiyira. Zikatero, mulipireni mnyamatayo.